Kapitawo Wothawa Apongozi

Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ya a Hashim pa Kamwendo, ndipo makina anga anayang'anizana ndi chitseko cha shedi yawo ya mtedza. Choncho za a Dickson musandifunse kuti ndinazimva kwa yani. Ndinkaziona ndekha, phazi lili pamakina, maso ali kutsidya.

A Dickson kwawo ndi cha ku Kachebere, koma anakwatira kwa Mavwere, mkazi wawo ndi a Esnart. Pa Kamwendo anabwera ndi njinga ya kabaza, ndipo anatchuka msanga, osati chifukwa cha liwiro koma pakamwa. Munthu ukakwera njinga yawo unkatsika ukudziwa mtengo wa feteleza ku Chipata, timu imene yaluza dzulo, ndi chifukwa chake nkhuku za chaka chino zikufa. Ankatha kucheza ndi wapolisi, shehe, woledzera ngakhale mwana wolira, onse n'kusiyana nawo akuseka. Ine ndinkawanena kuti tsiku limene adzakhale chete tidzaitane ambulansi.

Bondo ndi limene linawatsitsa panjinga. Linayamba kutupa, ndipo kuchipatala anawauza kuti akapitiriza kupalasa adzayendera ndodo. Anakhala pakhomo miyezi ingapo, ana atatu, Favour ndi abale ake, akudya, mpaka a Hashim anawaitana. Mkuluyu amagula mtedza wa makoko kwa alimi, amayi aganyu n'kuswa, kupeta ndi kusankha, kenako lole n'kupita nawo kwa wogula wina ku Zambia. Ankafuna kapitawo wodziwa kulankhula ndi anthu, ndipo pa Kamwendo ponse panalibe wina woposa a Dickson. Ine ndemwe ndinawasokera malaya oyambira ntchito, a mabatani mpaka m'khosi.

Tsiku loyamba anaima pakhomo la shedi atapisa manja m'thumba, akulonjera amayi aganyu mmodzimmodzi. Mwadzidzidzi ndinangoona munthu wa bondo lotupa uja walumpha thumba la mtedza n'kukabisala kuseri kwa sikelo. Amene ankabwera kumapeto kwa mzerewo, lichero lili pamutu, anali a Nambewe, mayi awo a Esnart.

Masiku ano ambiri anasiya zothawana ndi apongozi, ena mpaka amakwera nawo njinga yamoto imodzi. Koma osati a Nambewe. Kwawoko mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Chikwatirire, a Dickson anali asanalankhulepo nawo ngakhale liwu limodzi, ndipo ankanyadira kuti iwo ndi mkamwini waulemu. Tsopano ulemuwo unawatsatira kuntchito, mushedi ya khomo limodzi. Kuwonjezera apo, a Nambewe ndiwo anali mtsogoleri wa amayi onse aja. Chimene iwo anena, ndicho chinkachitika.

Amene anakondwa nazo anali Thokozani, mayi wa pasikelo, msuweni wawo wa a Dickson. Akafuna kuseka ankangofuula kuti, "Akubwera!" ndipo kapitawo ankathawira kuseri kwa shedi, pomwe kunalibe aliyense akubwera. Ine kangapo ndinasoka mzere wokhota chifukwa cha kuseka.

Koma panali chinthu china chosaseketsa. M'mawa uliwonse a Nambewe ankatunga madzi n'kuwaza pa mtedza wa makoko asanauthire m'makina oswera a pamanja, ndipo amayi onse ankatsatira. Makoko akanyowa amafewa, mtedza suphwanyika. Koma mtedza wonyowa ukalowa m'thumba umachita chuku, ndipo wogula wa ku Zambia uja chuku sankafuna kuchiona. Lole yoyamba inapita yodzaza n'kubwerera yodzaza.

A Hashim si munthu wokalipa. Anaitana a Dickson pakhonde, pafupi ndi makina anga, n'kulankhula motsitsa mawu.

"A Dickson, ine ndidakulembani chifukwa cha pakamwa. Pakamwa paja papita kuti?"

"Palipo, bwana."

"Ndiye kawauzeni amayiwa asiye madzi. Lole ikadzabwereranso, shedi ndikutseka. Sindikuopsezani, ndikungonena mmene zilili."

A Dickson anayang'ana bondo lawo. Ine mtima unandiwawa, chifukwa tonse tinkadziwa kuti shedi ikatsekedwa, kunjinga sangabwerereko.

Poyamba anayesa kulemba. Anabwereka choko changa n'kulemba pakatoni mawu aulemu okhaokha, oyamba ndi moni, kenako kuthokoza amayi chifukwa cha khama, kenako kupepesa. Pofika pa nkhani ya madzi katoni inali itatha, ndiye anaifinyira pakona ndi tizilembo tonga nyerere. A Nambewe sawerenga, ndipo amene amawerenga anathera pa moni. Masana katoniyo ndinaiona ikukupizira mbaula yowotchera mbatata.

Kenako anatuma a Esnart. Kunyumba anawauza bwinobwino kuti akauze amayi asiye kunyowetsa mtedza. Koma mwana wamkazi angapite kwa mayi ake n'kunena kuti amuna anga akuti mukulakwitsa? A Esnart anawasalaza mawuwo mpaka anatsala osalala ngati sopo. Anakanena kuti bambo a Favour akudandaula ndi madzi amene amayi amatunga m'mawa uliwonse. A Nambewe anagwira pachifuwa, nati mkamwini wawo ndi wachifundo, akuwamvera chisoni ndi msana. Mawa lake anatumiza dengu la mbatata kunyumba kwa a Dickson, n'kupeza mayi wina wamphamvu woti aziwatungira madziwo. Tsopano ankawaza ndowa ziwiri m'malo mwa imodzi. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Lachisanu lina masana a Hashim atapita kumzikiti, a Dickson anabwera kudzakhala pabenchi langa, nkhope ili gwa. Ine ndinapsa mtima, pakuti munthu wamkulu kumangozungulira shedi ngati nkhuku yofuna poikira zimanyansa.

"Manyazi adapha Lambe, a Dickson," ndinatero. "Ana anu adzadya ulemu?"

"Ndiye ndikaime pamaso pawo? Kwa Mavwere ndikapondekonso?"

"Ine sindikudziwa. Ndine telala."

A Dickson anatembenukira kushedi. Anakhala nthawi akuyang'ana matumba a chimanga amene anaunjikidwa pambali pa khomo. Kenako anadzuka, n'kuitana amuna awiri onyamula katundu, nayamba kusanja matumbawo pakati pa shedi, kuchokera pasikelo kulowera kumene amayi ankakhala. Anasanja mpaka khoma linafika m'mapewa. Ine ndinaimitsa makina n'kukaima pakhomo, chifukwa zoterezi sumamvera kwa anthu.

A Dickson ananjuta kuseri kwa matumbawo, bondo likulira, n'kuomba m'manja.

"Odi, apongozi!"

Malichero onse anaima. Mayi wina anagwira pakamwa. Kenako kutsidya kwa khoma kunamveka mawu a a Nambewe.

"Odini."

Apa kapitawo wathu anayamba kuzungulira. Anafunsa za kumudzi, za mbuzi, za chifuwa cha agogo, za mphepo ya chaka chino. Anathokoza mbatata. Anali pafupi kuyamba za mpira pamene Thokozani anakhosomola mwadala n'kugogoda sikelo. A Dickson anasiya kuzungulira.

"Apongozi, ndili ndi mawu, ndipo ndinena mosapsatira, mundikhululukire. Madzi amene tikuwaza pamtedza akubweretsa chuku. Lole ija idabwerera chifukwa cha madziwo. Ikabwereranso a Hashim atseka shedi, inu ganyu itha, ine ntchito itha. Ndikupempha tisiye kuwaza kuyambira lero."

Anati tikuwaza, osati mukuwaza, ngakhale iwo anali asanagwirepo ndowa. Pamenepo ndinawapatsa ulemu.

Ine ndinkaona mbali zonse ziwiri: uku mkamwini thukuta lili kamukamu, uko a Nambewe akutola khoko pachitenje n'kuliyang'anitsitsa.

"Bambo a Favour," anatero potsiriza, "ndiye mbatata zanga zidapita pachabe?"

Shedi yonse inaphulika ndi kuseka. A Nambewe anadikira kuti phokoso lithe.

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Mwanena, ndamva. Tsono nanunso mumve. Inu mukuganiza kuti ine ndimakonda kusenza madzi m'mawa kukuzizira? Sefa ya m'makinamu ndi ya mtedza waung'ono. Wathu uno ndi chalimbana, maso akuluakulu. Tikauthira wouma umatuluka zidutswa, Thokozani n'kumatibwezera kuti wosweka salandira. Ndidamutuma Esnart kawiri kuti akuuzeni."

"Adandiuza kuti mukuti makina akugwira ntchito bwino, kungoti ndi okalamba."

"Mwana ameneyo!" anatero a Nambewe. "Adatengera bambo ake."

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti a Dickson sanadule mawu. Munthu amene pakabaza sankapatsa mnzake mpata ngakhale wokhosomola anakhala chete mpaka apongozi anamaliza, kenako anabwereza zimene anamva kuti atsimikize, nafunsa kuti mabowo a sefayo akule bwanji. A Nambewe anasankha mtedza umodzi wonenepa n'kuuponya pamwamba pa khoma. Unagwera pamutu pa kapitawo.

A Hashim pobwera kumzikiti anapeza a Dickson akuwadikira ndi mtedza umodzi m'manja. A Dickson anawafotokozera mwachidule, mosayamba ndi mbuzi, ndipo madzulo omwewo sefa inapita kwa wowotcherera zitsulo. Madzi anasiyika. Mtedza wonyowa kale anauyanika pamalona n'kuusankhanso, ntchito yotopetsa imene amayi anaigwira akung'ung'udza, koma anaigwira.

Khoma lija linakhala ofesi. M'mawa uliwonse a Dickson ankanjuta mbali yawo, a Nambewe n'kukhala mbali yawo, n'kupangana za tsikulo. Amayi ena nawo anayamba kubwera kudzanena zawo, mwina chifukwa kudandaula kwa munthu amene sakukuona n'kosavuta. Zinatuluka zambiri: za nthawi yopuma, za fumbi, za Thokozani kuti amayankha mwamwano. Thokozani anakwiya tsiku lonse, koma anasintha pang'ono. Ngakhale makatoni a a Dickson anafupika. Katoni ina inangoti, "Mawa tiyamba mochedwa, kuli maliro," ndipo aliyense anaimva.

Lole yachiwiri inanyamuka, ndipo masiku odikira a Dickson anaonda. Ankabwera pakhonde langa kudzayang'ana kumsewu wa kuboda, osalankhula, mpaka ndinayamba kulakalaka phokoso lawo lakale. Mkati mwa masiku omwewo a Hashim anagulitsa chimanga chija, anyamata n'kunyamula matumba onse, khoma n'kutha. Kapitawo anabwerera kuseri kwa sikelo.

Lole inatulukira masana ena ikuthamanga mopepuka, ikudumpha m'mabampu, ndipo dalaivala anatulutsa dzanja pawindo akuimba hutala. Inali yopanda kanthu. A Dickson anaiwala bondo. Anathamangira kushedi akufuula, nalowa mpaka pakati, n'kuzindikira mochedwa kuti palibe thumba ngakhale limodzi pakati pa iwo ndi apongozi awo. Anatembenuka msangamsanga n'kuyang'ana kukhomo, kumene ndinaima ine.

"Apongozi," anauza chitseko, "mtedza aulandira wonse."

Amayi analulutira, ena anavina ndi malichero. A Nambewe okha sanadzuke pamkeka pawo.

"Bambo a Favour, nkhani yabwino chotere mukuuza chitseko? Tembenukani."

"Apongozi..."

"Ndati tembenukani. Za kwa Mavwere ndikayankha ndine."

Anatembenuka pang'onopang'ono, manja atagwira chipewa pamimba. A Nambewe anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo ndinaona maso awo akulengeza misozi.

"Mayo ine," anatero a Nambewe. "Imvizi zidabwera liti? Ine ndimati mukadali mnyamata uja adabwera ndi njinga kudzafunsira Esnart."