Sindidadziwe Cholakwa cha Elube

Chaka chimene boma lidayamba kusamutsa maofesi kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, chuma changa chonse chidali mwana mmodzi, mbuzi ziwiri ndi mwamuna amene adapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Kwathu n'kufupi ndi Mitundu. Aliyense wochokera m'tauni ankabwera ndi nkhani imodzimodzi, yoti mabwana a boma afika ndi mabanja awo ndipo akufuna anthu olera ana. Sindidaganize nthawi yaitali. Elube, mwana wangayo, adali ndi zaka zitatu ndipo adalibe ngakhale kadiresi kopitira kutchalitchi.

Ndidamusiya m'manja mwa mng'ono wanga Enelesi, amene adali atangokwatiwa kumene. Ndidamulonjeza kuti ndikakhala zaka ziwiri basi. Iye sadatsutse, adangoti mwana adzadya zomwe iwo akudya. Tsiku lonyamuka tidachita zimene amayi onse amachita: Enelesi adabereka Elube n'kupita naye kudimba kuti asandione ndikuchoka. Ndidamuzemba mwana wanga ngati mbava, ndipo nthawi imeneyo ndinkati ndamuchitira chifundo.

Ntchito ndidaipeza ku Area 3, kwa banja lina lochokera ku Zomba. Abwana ankagwira ntchito m'boma, adona ankaphunzitsa, ndipo adali ndi khanda lalikazi dzina lake Tamanda. Ndisaname, tauni idandikomera. Tsiku loyamba ndidaima pampopi wa kukhitchini n'kumatsegula, kutseka, kutsegula, kutseka, mpaka adona adafunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Ine amene ndidakula ndi ndowa pamutu, madzi akunditsata okha m'nyumba. Ndidavala nsapato. Ndidadya buledi wopaka majarini pa tsiku wamba, popanda ukwati kapena Khirisimasi. Malungo atandigwira adandinyamula pagalimoto kupita kuchipatala, pamene kwathu akadandiika panjinga n'kumapemphera m'njira. Anthu amene amanyoza tauni ndimawamvetsera, koma ndimayang'ananso ming'alu ya kumapazi kwawo.

Ku Area 3 kudali kufupi ndi msika waukulu. Lamlungu masana ndinkatsika wapansi, kuwoloka mlatho, n'kukapeza a Jelasi, bambo wa kwathu amene ankabwera panjinga kudzagulitsa tomato. Iwo ndiwo adali positi ofesi yanga. Ndinkawapatsa sopo, shuga, mchere ndi kandalama komanga pansonga ya kansalu, iwo n'kundipatsa nkhani. Elube wayamba kuyimba. Elube wagwa mumtengo wa mango koma sadavulale. Ndinkabwerera kuntchito ndikuzibwereza nkhanizo mumtima kuti zindikwanire sabata yonse.

Kenaka maofesi a ku City Centre adatha kumangidwa, abwana adakwezedwa, ndipo tidasamukira ku Area 10. Nyumba yake idali yaikulu moti munthu ukadatha kusochera popita kukatenga tsache. Koma kumeneko ndi kumene ndidadziwira kuti walira mvula walira matope. Misewu yotakata, yosalala, yopanda munthu. Pakati pa ife ndi msika padali tchire ndi mtunda woti Lamlungu masana sungapite n'kubwerako wapansi, ndipo basi inkabwera ikafuna yokha. Nyumba zidalibe maina, zidali ndi manambala. Mnansi unkamudziwa ndi kuuwa kwa galu wake. Maliro ankachitika kuseri kwa mpanda wa maluwa, ife n'kudziwira pa kuchuluka kwa magalimoto.

Kumenekonso palibe amene ankanditcha amake Elube. Tamanda atayamba kulankhula adanditcha Anti, ndipo dzinalo lidandikakamira mpaka kwa abwana ndi kwa alonda a nyumba zoyandikana. Tsiku lina a Jelasi adazungulira Area 10 yense kuyambira m'mawa, akukankha njinga, kufunsa m'mageti kuti kwa amake Elube n'kuti. Palibe adawathandiza. Uthenga umene adanyamula udali woti mwana wadwala chikuku ndipo zafika povuta. Ine ndidaumva patatha masabata atatu, mwana atachira kale. Masabata amenewo ndidali nditabereka Tamanda kumsana chifukwa cha kachifuwa wamba, ndikumuyimbira nyimbo zimene ndinkayimbira Elube. Nditamva ndidalowa m'kanyumba kanga ka kuseri n'kulira mpaka maso kutupa, kenaka ndidasamba kumaso n'kukasita malaya a abwana.

Kumudzi ndinkapitako, musaganize kuti ndidatchona. Koma pa Khirisimasi banja lonse linkapita kwawo ku Zomba ndipo linkanditenga, choncho masiku anga adali anayi okha m'nyengo yozizira. Tsiku loyamba Elube ankabisala kumbuyo kwa Enelesi. Lachiwiri ankabwera chifukwa cha masiwiti. Lachitatu ankalola kukhala pamiyendo panga, ndipo lachinayi ndinkamuzembanso. Atakulako adasiya kubisala. Ankabwera, kugwada chapatali, kundipatsa moni ndi manja awiri, n'kukandiikira madzi kubafa. Ndinkabwerera ku Lilongwe ndikudzitama kwa anzanga antchito kuti ndili ndi mwana waulemu kuposa ana onse a m'tauni.

Zaka ziwiri zija zidasanduka khumi. Zifukwa ndidali nazo zambiri ndipo zonse zidali zoona: yunifolomu, makope, malata a nyumba ya Enelesi, feteleza. Madiresi amene ankamuthina Tamanda sankamukwana Elube chifukwa iye ndiye adali wamkulu, ndiye ndinkagula atsopano, ndikuyerekeza msinkhu wake ndi dzanja m'mwamba pamaso pa telala. Koma chifukwa china sindinkachinena. Ndidali nditazolowera. Ndinkaopa ndowa, ndinkaopa khasu, ndinkaopa mdima wa kumudzi. Ndiponso Tamanda ndinkamukonda, ndipo izi ndikuzinena ndi manyazi koma sindizibweza. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine mwambi umenewu ndidaumvera mopitirira muyeso.

Uthenga womaliza udabwera ndi a Jelasi omwewo, amene tsopano adali ataloweza nambala ya geti. Enelesi adati ndikauzidwe mawu awiri okha: mwana wakula. Nthawi yomweyo Tamanda ankakonzekera kupita kusukulu yogonera konko, ndipo ntchito yanga idali itatha yokha. Adona adandipatsa sutikesi ndi mbale zadothi zisanu ndi imodzi. Tamanda adandikumbatira pageti akulira, kundinyowetsa bulauzi yonse. Ndidakwera basi ndili ndi zitenje ziwiri zofanana, china changa china cha Elube, ndikuti ndikupita kukatenga malo anga.

Kwathu mtsikana akakula, amayi a chilangizo a kumpingo amabwera kudzamulanga. Amamukhazika pamphasa atatambasula miyendo, mutu ataweramitsa. Koma asanayambe malangizo awo, amaitana mayi wake kuti anene zonse zimene mwanayo amalakwa pakhomo, kuti adzudzulidwe pamaso pa akuluakulu n'kuzisiya ku ubwana. Ine mwambo umenewu ndinkaudziwa bwino. Pa nthawi yanga amayi adandinenera mpaka dzuwa kupendeka. Koma m'basi monse muja ndinkangoganiza za zitenje.

Adachitira m'nyumba ya Enelesi, pansi pa malata amene ndidagula ine, Loweruka masana. Amayi adadzaza chipinda. Adandipatsa malo aulemu pafupi ndi a Nasimango, mkulu wa alangizi. Titapemphera, iwo adatembenukira kwa ine.

“Amake Elube, mwana wanu ndi uyu. Tiuzeni, amakulakwirani zotani pakhomo?”

Ndidaponya kandalama m'mbale monga mwa mwambo, n'kutsegula pakamwa. Zolakwa zidabwera m'maganizo mwanga zambirimbiri, zothamangitsana. Amabisa makoko a buledi pansi pa pilo. Amanama kuti watsuka mano atangonyowetsa mswachi. Akakwiya amamenyetsa chitseko. Zonsezo zidali za Tamanda. Ndidayang'ana mwana amene adali pamphasa, khosi lake lalitali, kachipsera kakuseri kwa khutu kamene sindinkadziwa kuti kadabwera liti, ndipo ndidafufuza m'mutu mwanga monse osapezamo kanthu.

“Mwanayu ndi waulemu,” ndidatero. “Ine sindidamuonepo cholakwa.”

Mayi wina adatsokomola, wina adayamba kukonza duku lomwe lidali bwinobwino. A Nasimango sadandikalipire, ndipo bola akadatero. Adalankhula motsitsa mawu.

“Mayi, mwana wopanda cholakwa kulibe. Amene salakwa pakhomo ndi mlendo.”

Atatero adayang'ana Enelesi. Mng'ono wanga adayamba wandiyang'ana ine, ngati akupempha chilolezo, ndipo ndidagwedeza mutu. Ndiye adamasuka. Adati Elube akatumidwa kuchitsime amakachezera komweko mpaka moto kuzima. Amayankha akuluakulu ali chiimire. Amatapa ndiwo mumphika ndi chala n'kunamizira mphaka. Akadzudzulidwa amanyanyala chakudya n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, milomo ili tu, kudikira kuti wina akamunyengerere, ndipo wonyengererayo nthawi zonse ndi iye Enelesi. Amayi ena ankaseka chamumtima, ena ankavomereza kuti adaziona okha. Mudzi wonse unkamudziwa mwana wanga. Ine ndidakhala pamenepo ndikumeza cholakwa chilichonse ngati munthu wanjala, ndipo nsanje imene ndidamva sindidaimvepo ngakhale pa mwamuna.

Elube adayamba kulira. Adasendera pamphasa paja, kudutsa pafupi ndi mawondo anga, n'kukagwira phazi la Enelesi.

“Pepani amayi, sindidzachitanso.”

Sadati amayi aang'ono. Palibe adamukonza, ndipo inenso sindikadamukonza.

Ku Lilongwe sindidabwererenso. Ndidamanga kanyumba kanga pafupi ndi ka Enelesi, ndidaphunziranso khasu, ming'alu idabwerera kumapazi. Miyezi yoyamba ndidayesa nzeru zopusa. Tsiku lina ndidamutuma Elube kuchitsime katatu motsatizana, mitsuko ili yodzaza kale, kuti mwina ang'ung'udze. Adapita katatu konse, ndipo kachitatuko adagwada n'kufunsa ngati pali china. Ndidamudzudzulapo pa chinthu chimene sadachite, kuti mwina anditsutse. Adapepesa. Chitenje chija adachilandira ndi manja awiri n'kuchisunga m'bokosi, ndipo amachivala pokhapokha pamene akudziwa kuti ndimuona.

Lero Elube ndi mayi wa ana anayi. Sindisowa kanthu. Akapha nkhuku, chiwalo chabwino chimabwera kwa ine m'mbale yovundikira. Anthu amati ndili ndi mwayi, ndipo achinyamata akamandifunsa ngati apite ku tauni ndimawauza zoona, kuti madzi a kumeneko ndi abwino ndipo chipatala chili pafupi. Zinazo sindidziwa kuti ndingazifotokoze bwanji kwa munthu amene sadayambe wazemba mwana.

Dzulo m'mawa ndidamva phokoso kuseri kwa mpanda. Elube ndi Enelesi ankakangana za lichero limene wina adabwereka osabweza. Mawu adali okwera, wina sankadikira mnzake kuti amalize, ndipo ndidamva mwana wanga akunena kuti amayi inu mumandinamizira nthawi zonse. Ndidasiya kusesa n'kuima ndi tsache m'manja, kumvetsera mpaka adamaliza. Patapita kanthawi adatulukira pakhomo panga, nkhope atayikonza kale. Adagwada chapatali, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

“Mwadzuka bwanji, amayi?”

Ndidamuyankha kuti ndadzuka bwino.