Chikondamoyo cha Abiti Saidi

Lachitatu lina mu Januwale 1967, ndinali chogwada kukhitchini kwathu ku Nkaya, ndikuika makala amoto pa chivundikiro cha poto. Zinalembedwa choncho m'kope langa lachikuto chofiira, momwe ndinkaikamo zonse zimene pakamwa pankalephera kunena. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wamanyazi moti ndikaona mlendo ndinkazungulira kuseri kwa nkhokwe.

Sabata imeneyo mtsinje unasefukira n'kugwetsa nyumba za kumunsi. Popeza sukulu inali isanatsegulidwe, eni nyumbazo anawagoneka m'makalasi mwathu. Munkanunkha zofunda zonyowa ndi utsi wa nkhuni zaziwisi. Amayi ankapititsako ufa ndi nkhwani, abambo anapereka jekete lawo lakale. Ine mtima unali pa Abiti Saidi, mayi wamasiye amene ankandiitana ndikamadutsa pakhomo pawo n'kunditolera mango osandifunsa mafunso. Nyumba yawo inagwa, mbuzi zinapita ndi madzi, ndipo ankangokhala pakona pafupi ndi bolodi, osayankhula ndi munthu.

Ndinapempha mgaiwa pang'ono ndi nthochi zitatu zakupsa, n'kuphika chikondamoyo changa choyamba. Chinapserera mbali imodzi. Ndinachikulunga m'tsamba la nthochi, ndipo dzuwa lili paliwombo ndinawoloka njanji, matope akundivula nsapato. Njira yonse ndinkabwereza mawu oti ndikanene.

Nditagwada pamaso pawo mawu onse anathawa, kupatula awa: "Idyani chikadali chotentha." Anachilandira ndi manja awiri. Anandiyang'ana, nayang'ananso chikondamoyocho, kenaka ananyema kachidutswa n'kungokagwira. Ine ndinkadikira kuti adye. Dzanja lawo linayamba kukwera pang'onopang'ono kulunjika kukamwa.

"Iyayi, Abiti!" anakuwa mayi wina amene ankayanika mphasa pazenera. "Iwe mwana wa kutchalitchi, sukudziwa kuti tafunga? Ufuna mayiwa aswe Ramadani chifukwa cha chikondamoyo chopserera?"

Kalasi yonse inaseka. Apo m'pamene ndinazindikira kuti Asilamu mwezi umenewo sadya kapena kumwa mpaka dzuwa litalowa. Ndinakulira pakati pawo, koma sindinayambe ndafunsapo. Mayi woti wataya zonse, chimene chinawatsalira chinali kufunga kwawoko, ndipo anatsala pang'ono kukutaya kuti ine ndisachite manyazi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Abiti Saidi anabwezera kachidutswako m'tsamba n'kumanga bwinobwino. "Musiyeni mwanayu," anatero, ndipo aja ankasekawo analeka kuseka, chifukwa aka kanali koyamba kumva mawu awo chigwere nyumba. "Ichi ndidya madzulo. Koma cha ndekha sichitsika kukhosi."

Ndinathawa osatsanzika. Ndili kunyumba ndinalira, amayi akundiuza kuti mwana wofunsa sadya chosaloledwa, ndipo sadyetsa mnzake choletsedwa. Ndinalumbira kuti kusukuluko sindidzapondakonso mpaka anthuwo atachoka. Koma mawu aja, oti cha okha sichitsika, anakana kundichoka.

Lero ndakalamba, ndaona magalimoto akutula matumba kwa ovutika n'kubwerera fumbi lili koboo, opanda wokhala pansi. Ndikatero ndimatsegula kope lija. Tsamba la tsikulo limathera apa, m'zilembo zopendekeka: "Mawa ndiphika china, chosapserera. Ndipita dzuwa likamalowa. Ndikakhala nawo pamphasa mpaka amalize, ngakhale andiseke."