Nsanja Imene Adawotcherera Bambo

Nsanja ya thanki ya madzi pamzikiti wa kwathu, m'njira yopita ku Namwera, adawotcherera ndi bambo anga. Inali ntchito yawo yomaliza. Patatha zaka zitatu chimwalirireni iwo, nsanjayo idayamba kulira.

Sikunali kulira kwa zitsulo zokhulana ayi. Mwera ukayamba, inkang'ung'uza chapansipansi, mmm, ngati munthu amene akuganiza choti ayankhe. Bambo ankatero akamayeza chitsulo, pensulo ili kukamwa. Mayi anga sadachedwe kuwazindikira mawuwo. Masana alionse ankayala mkeka pansi penipeni pa thankiyo, n'kumasankha nyemba uku akumvetsera.

Ine ndine injiniya, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi matama a munthu wongolandira kumene pepala. Nditamva nkhaniyi pafoni ndidaseka. Nditafika n'kuona mayi atakhala pansi pa chimadzi chonsecho, kuseka kudandithera.

Ndidayeza chitsulo chilichonse ndi tepi, ndipo m'pamene ndidaona zipsera. Zitsulo zopingasa zam'munsi, zimene zimagwira miyendo inayi kuti isatayane, zinali zitadulidwa. Akuti zinkagunda ndowa za azimayi akasenza, ndiye akomiti a pamzikitipo adabwera ndi sowo. Kenako adatsitsa thanki yakale n'kukwezapo yaikulu, poti Lachisanu madzi osamba pokaswali ankaperewera. Aliyense ankafuna zabwino, ndipo izi n'zimene zidandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndidasowa womukalipira.

Ndidakhala pakhonde ndi laputopu. Pulogalamu imene timagwiritsa ntchito imagawa chinthu m'tizidutswa tambirimbiri, n'kuwerengera mmene kachidutswa kalikonse kakukankhira kanzake. Ukaiuza kulemera kwa madzi ndi mphamvu ya mphepo, imakujambulira mmene chinthucho chizigwederera, ndiponso pamene chidzayambire kupindika. Imakokomeza dala kuti maso aone.

Ndidadina. Kansanja ka pasikirini kadayamba kuyenda. Miyendo itatu idaima nji, koma wakum'mawa udapinda pakati, n'kuwongoka, n'kupindanso, thanki ikupendekera mbali yomweyo. Kayendedwe kameneko ndidakazindikira. Bambo ankatsimphina chigwereni padenga ali mnyamata, ndipo pobwera kuntchito ankayenda chimodzimodzi, phewa limodzi lili pansi. Chifukwa chake ndinkachidziwa: mwendo wa nsanja umenewo unali wolumikiza, poti chitsulo chidawathera bambo powotcherera. Koma kudziwako sikudandichotsere mantha.

Sindidawamve mayi akufika kumbuyo kwanga.

"Tabwezanso," adatero.

Ndidabwereza. Adayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa.

"Ndi iwowo. Wawapeza bwanji m'menemo?"

"Amayi, si bambo amenewa, ndi masamu. Akusonyeza kuti thanki ikadzaza, mwendo uwu ukhoza kupinda tsiku lililonse. Chonde, musakakhalenso pansi paja."

"Iwe, bambo ako angandigwere ine?"

Ndidawakwezera mawu mayi anga, chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Iwo adanyamula mkeka wawo n'kubwerera komweko, mwera ukukupiza chitenje chawo.

Ndidathamangira kwa ashehe, nawo adaitana akomiti. Ndinali nditakonzekera mkangano, koma ataona chithunzicho chikuyenda, panalibe amene adatsutsa. Mkulu wina amene adakula ndi bambo adayang'ana kumbali n'kumanong'ona pemphero. Onse adavomera kuti madzi achotsedwe pompo.

Tidatsegula mpopi, azimayi adabwera ndi ndowa ndi mabeseni. Mayi adakana kusuntha, choncho ndidakakhala nawo pamkekapo, msana wanga ukumva kunjenjemera kwa mwendo uja. Madzi akamatsika, kung'ung'uza kunkapita kukwera, mawu aja n'kumawonda. Ndinkadziwa kuti zitero, chinthu chikapepuka chimagwedera mofulumira. Komabe zinkamveka ngati munthu akuitana uku akutalikira. Kenako kudati zii, mphepo ikuwombabe.

Sabata yotsatira tidawotcherera zopingasa zatsopano, ndi kulimbitsa mwendo wakum'mawa. Azimayi adadandaula za ndowa zawo, ndidawauza kuti aziwerama. Tidadzazanso thanki. Mwera udabwera ndi ukali wake wonse, nsanja osati kwe.

"Yalimba tsopano, amayi," ndidawauza monyadira. "Mukhoza kumakakhala."

"Ndikakhale ndi yani?"

Sadayalenso mkeka pamenepo. Sadandinenepo kuti ndidalakwa, ndipo ndikudziwa kuti sindidalakwe, koma mumtima mumandiwawabe. Masiku ano ndikafika kumudzi, ndisanavule ndi nsapato zomwe, amandifunsa ngati ndabwera nacho chija. Ndimatsegula fayilo yakale, ya nsanja isanakonzedwe, ndipo amakhala pafupi nane kuonerera mwendo uja ukupinda ndi kuwongoka, pachithunzi chopanda mawu.

Ulendo wathawu adandigwira mkono.

"Takweza mawu, mwananga. Sindikuwamva."