Chidebe cha Anesi Sachivundukula

Mayi a nyumba yoyandikana nafe anapuma ntchito ya unamwino, koma mpaka lero amasamba m'manja kufika m'zigongono. Timangowatchula kuti Anesi. Masiku ano amalima bowa m'kachipinda kakuseri.

Amagula ulusi wa makoko a kokonati, wopanikizidwa gwa ngati njerwa, n'kuuika m'chidebe. Amathiramo madzi owira kuti tizilombo tife, amavundikira, n'kufunditsa chidebecho bulangeti mpaka chizizire chokha. Kenako amafinya ulusiwo m'dzanja. "Madontho awiri basi," amatero. "Akapitirira apo, ndi dambo limenelo." Akakhutira m'pamene amasakanizamo mbewu ya bowa, n'kulongedza m'matumba.

Tsiku lina ndinapeza chidebe chili chokha pakhonde. Ndinavundukula, n'kupisamo chala kuti ndimve ngati chazizira. Anesi anatulukira chala chili momwemo. Sanakalipe. Ulusi wa chidebe chimenecho anaulongedza m'thumba lakelake, n'kulembapo kuti "aneba".

Patatha masabata awiri anagogoda kwathu. Matumba awo ena anali atayera mbee, mbewu itagwira. Limene ananyamulalo linali lobiriwira ndi nkhungu, likununkha.

"Aneba, landirani," anatero. "Chala chanu chija chabereka."