Abednego Womezanitsa Mango

Sindinamvetse konse chifukwa chimene Abednego Zulu ankaopera mawu oti zikomo. Anali munthu wolongolola, wosaopa galu ngakhale njuchi, koma ukangoyamba kumuyamika, maso ake ankathamangira pamene waimika njinga. Inenso sindikonda kutamidwa. Kusukulu ya mishoni ku Tamanda anatiphunzitsa kuti ntchito yabwino sifuna ng'oma. Koma ine akamanditama ndimangokhala chete. Iye ankathawa.

Anafika pakhomo pathu m'chilimwe, ali ndi kampeni m'thumba ndi mtolo wa timphukira ta mango tokulunga m'chisaka chonyowa. Ntchito yake inali yomezanitsa: amadula nthambi za mtengo wakale, n'kulowetsa pachitsapo kamphukira ka mango abwino, n'kumanga ndi pulasitiki mpaka zigwirane. Anaiphunzira panazale ina m'tauni, ndipo ankayenda nayo mudzi ndi mudzi.

Masiku amenewo m'nyumba mwathu munalibe mtendere. Mwana wathu Olipa anali atamaliza giredi 12, ntchito osaipeza, ndipo anali atalonga kale chikwama kuti apite ku Lusaka kukasaka ya m'nyumba za anthu. Amake Olipa ankalira. Ine ndinalibe chomukanizira, chifukwa khasu lokha silinyengerera mwana wophunzira.

Abednego anaima pansi pa mtengo wa mango umene atate anga anabzala, nayang'ana m'mwamba.

"Madala, mtengo uwu umabereka mango kapena ulusi wosokera?"

"Anabzala ndi malemu atate," ndinatero.

"Pepani. Ndiye malemuwo mano anali nawo olimba."

Olipa anaseka pakhonde, koyamba m'mwezi wonsewo. Abednego anatembenuka.

"Achemwali, bwerani mugwire sowo."

"Ine? Ndili paulendo wa ku Lusaka ine."

"Lusaka sathawa. Ine sindidula mtengo wa eni. Adule mwana wa pakhomo, kuti ukauma mukangane nokhanokha."

Umu ndi mmene ankagwirira ntchito kulikonse. Iye ankaonetsa panthambi imodzi yokha, zotsalazo ankapatsa mnyamata kapena mtsikana wa pakhomopo. Tinapangana pamaso pake kuti timphukira ta Olipa tikauma, ndidzamuperekeza ndekha kokwerera basi. Tikagwira, ayesa ntchitoyi.

Sindibisa, pamene nthambi zinayamba kugwa ndinapita kuseri kwa nkhokwe. Nditabwerako ndinapeza mtengo uli zitsa zokhazokha, kupatula nthambi imodzi ya kum'mawa.

"Iyo ndi ya malemu," anatero Abednego. "Mtengo umapumira pamenepo pamene mabala akupola. Komanso mukawasowa atate anu, mudzatolapo ulusi wanu."

Olipa anasema timphukira, Abednego akumuzazira ngati mlamu wake.

"Mukusenda chinangwa kodi? Kamodzi kokha, fyuu! Khungwa likumane ndi khungwa. Ukwati wa mbali imodzi sulimba."

"Inu munakwatira, achimwene?"

"Ine ndimakwatitsa mitengo. Zanga n'zina."

Madzulo amake Olipa anayamba kuthokoza, koma iye anawadula pakamwa. "Amayi, musatero. Mtengo ukamva zikomo umachita ulesi." Anakwera njinga, tiyi osamaliza.

Masabata otsatira mtengowo unali ngati wodwala m'chipatala. Olipa ankauzonda m'mawa uliwonse, chikwama chake chili chilongereni kuseri kwa chitseko. Anthu odutsa ankandipepesa ngati pagwa maliro. Kamphukira koyamba kuuma kanali ka Abednego mwini wake. Atabwera n'kukaona, anagwira pakamwa.

"Ha! Mphunzitsi walephera mayeso!"

Olipa sanaseke. Ngati ka katswiri kauma, nanga take? Tsiku limenelo anachapa nsapato za ulendo. Koma Lachisanu lake m'mawa tinamva kukuwa kubwalo.

"Atate! Atate, bwerani!"

Pazitsa zinayi panali timasamba tofiirira, tofewa ngati khutu la mbewa. Ndinayang'anitsitsa, n'kunena kuti sizinaipe. Olipa amandidziwa, ndipo anamva zonse zimene ndinatanthauza. Chikwama chinamasulidwa tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo Olipa anayamba kuyenda ndi Abednego m'midzi, pamodzi ndi achinyamata ena amene iye anawagwiritsa sowo m'makomo mwawo. Kudimba kwathu anamanga kanazale ka udzu, n'kumatola nthangala za mango zimene kale tinkangoponda. A Suleman, amene amagulitsa zipatso pamsika m'tauni, anayamba kubwera okha ndi kagalimoto kawo kudzafunsa mbande. Pofika chaka chachitatu mtengo wa atate unabereka mango akuluakulu opanda ulusi, moti nthambi zina tinazichirikiza ndi mphanda. Ya kum'mawa ija inaberekabe timango take. Timeneto ndimadya ine ndekha.

Cholakwa chinachitidwa ndi amayi a kutchalitchi kwathu. Anagwirizana kuti Lamulungu lopereka zokolola amuimike Abednego kutsogolo, amuveke nsalu, amuimbire nyimbo yotchula dzina lake. Ndinawachenjeza kuti munthuyo safuna zotero. Amake Olipa anati, "Inu abambo, si onse ali ngati inu." Nyimboyo ankaiphunzira mokweza pansi pa mtengo womwewo, ndipo iye podutsa anaimva.

Loweruka Abednego anabwera kunazale, ine ndili pomwepo, napeza Olipa akumezanitsa mbande, anthu a mudzi wina akumudikira kuti akawaonere mitengo yawo. Anaima n'kumaonerera kanthawi.

"Achemwali, mwayamba kundiposa. Zimenezi ndi mwano."

"Mawa muvale shati yabwino, achimwene."

"Ndivala," anatero, nandigwira chanza ndi manja awiri, zimene sanachitepo.

Lamulungu amayi anaimba nyimbo yawo kwa benchi yopanda munthu. Mwini nyumba imene Abednego ankagonamo anati anatuluka m'mawa, chisaka chonyowa chili pakaliyala pa njinga yake. Wina akuti anamuona pamalire pa Mwami akukankha njinga kulowera ku Malawi, wina akuti pamsewu wa ku Lundazi. Olipa anayesa foni yake, koma sinalowe. Kumene anapita palibe akudziwa.