Ine ndi balansa ya nyemba

Lachiwiri lapitali ndinayambana ndi mkazi wanga chifukwa cha makilo awiri. Si a nyama kapena a shuga ayi. Makilo a thupi langa lomweli.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti sindine munthu wovuta kumuona patali. Ndikakwera njinga kuchokera kuno ku Lifidzi kupita ku Vila Kotinyo, njingayo imadandaula njira yonse. Miyezi iwiri yapitayo pa ukwati wa mwana wa achimwene ndinalowa m'bwalo la ngoma ndi chishango changa, ndinaponda pansi kangapo, basi dziko linayamba kuzungulira. Ndinatsitsimuka ndili pansi pa mtengo wa mapichesi, amayi ena akundikupiza ndi lichero.

A dotolo a ku chipatala cha mishoni sanandibisire mawu. Anati magazi anga akuthamanga kwambiri, ndipo ndikapanda kuchepetsa thupi, ngoma yotsatira adzandivinira anzanga ine nditagona m'bokosi. Anandifotokozera kuti chakudya chilichonse chili ndi mphamvu yake, imene iwo amaitcha kaloriya, ndipo imene thupi silinagwiritse ntchito limaitutira m'nkhokwe ya pamimba. Kenako anandiyezera zoti ndizidya: mitanda iwiri m'malo mwa inayi, shuga wa kunsonga kwa supuni, masese ongolawa, ndiwo zopanda nsinjiro.

Ndinavomera ndi mtima wonse. Mwana wanga woyamba, Malita, akukwatiwa mvula isanagwe, ndipo ine ndikufuna kudzamuvinira ndekha ndi miyendo yangayi.

Tsono pa kantina, sitolo ya kufupi ndi sukulu imene ndimaphunzitsa pali balansa, sikelo yaikulu ija yoyezera matumba a nyemba ndi kachewere. Ndinapempha mwini kantina kuti ndizikwerapo. Anaseka, nati palibe vuto, bola ndisadzamuuze kuti andigule. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndakhala ndikuima pamzere pakati pa matumba, kudikira nthawi yanga.

Lolemba balansa inandisekerera. Lachiwiri inandiwonjezera makilo awiri.

Ndinatsika, ndinavula chikhothi chifukwa mukudziwa kuzizira kwa mwezi uno kuno kumapiri, ndinakweranso. Inangochotsako pang'ono. Ndinavula nsapato. Amayi a pamzere anayamba kuyang'ana kumbali, mwina poopa kuti aphunzitsi sathera pa nsapato.

Tsiku limenelo ana a sukulu anavutika nane popanda chifukwa. M'mutu mwanga munali funso limodzi: munthu wogona ndi njala miyezi iwiri anganenepe bwanji tsiku limodzi? Ndiye ndinakumbukira alongo anga. Iwo akhala akumuvutitsa Nangozo, mkazi wanga, kuti akuwachititsa manyazi, mwamuna wa pa ntchito ya boma sayenda makosi ali pamtunda. Ndinati basi, mayiyu wagonja, wayamba kundidyetsa mobisa.

Nditafika kunyumba sindinakhale n'komwe pansi.

"Nangozo, mwayambiranso kuthira nsinjiro m'ndiwo, eti?"

Iye anali kusankha nyemba pakhonde. Anaika lichero pansi mwapang'onopang'ono, ndipo amene muli pabanja mukudziwa kuti lichero likaikidwa pansi motero zinthu sizili bwino.

"Abambo a Malita, miyezi iwiri ndakhala ndikunenedwa ku chitsime kuti ndikukuphani ndi njala. Lero inunso mukuti ndikukuphani ndi nsinjiro. Sankhani imfa imodzi, ndidziwe pomwe ndaima."

Ndinayankha kuti ngati njala ikundinenepetsa, kuli bwino andibwezere mitanda yanga inayi, ndizinenepa nditakhuta.

"Inayi ndiphika, ngakhale isanu," anatero. "Koma mukamuuze nokha Malita kuti afune wina womuvinira. Ine pakamwa panga sipatuluka zimenezo."

Mawu amenewo anandilasa. Madzulo ndinadya mitanda yanga iwiri.

Lachitatu ndinabwereranso pamzere ndili ndi mkwiyo wanga. Kutsogolo kwanga kunali mayi wina ndi thumba la nyemba, ndipo litakwera pa balansa linalemera kuposa kukula kwake. Mwini kantina anapisa dzanja m'thumbamo, natenga nyemba imodzi, naluma. Sinalire. Anati nyembazo zinagona pa mame, mayiyo akaziyanike abwere nazo mawa, chifukwa iye sagula madzi.

Ine ndinayang'ana mphete ya pachala changa. Ndinakumbukira kuti Lolemba madzulo alamu anga anabwera kuchokera ku Tete ndi chikowa, nsomba zouma zamchere zija. Ndinadyako kachidutswa kakang'ono, monga mwa lamulo la a dotolo. Koma mchere wake unandimwetsa madzi pafupifupi mtsuko wonse, ndipo m'mawa mwake mphete inali yothina pachala. Ndiye kuti thumba limene linakwera pa balansa Lachiwiri lija linali la nyemba zonyowa, ndipo thumbalo ndinali ine.

Pofika Lachisanu makilo awiri aja anali atapita, n'kutenganso kena pang'ono. Ndinathamangira kunyumba kukadzitama kuti ndaonda.

Nangozo sanasiye n'komwe kusesa. "Mafuta a makilo awiri asungunuka masiku atatu? Ine ndimakuonani mukungozungulira kuseri kwa nyumba kuyambira dzana. Makilo anuwo akathirira nthochi."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinapepesa. Anandiyankha kuti kupepesa kwanga akulandira, koma alongo anga ndikawauze ndekha kuti wondimana chakudya ndi a dotolo, osati iye.

Tsono abale anga owerenga, taganizani. Balansa ija sinandinamize. Inanena zimene inanyamula: mafupa anga, mafuta anga, nsima ya dzulo imene inali isanatuluke, madzi a mtsuko uja. Iyo sidziwa kusiyanitsa. Wolakwa ndi amene amaifunsa m'mawa uliwonse funso limene yankho lake limatenga mwezi. Mafuta amabwera pang'onopang'ono, amapitanso pang'onopang'ono. Zimene zimadumpha lero n'kutsika mawa ndi madzi ndi zam'mimba.

Ndipo kodi ndine ndekha wa khalidwe limeneli?

Ndakhala ndikuona makolo akubwera kusukulu kudzatenga mwana chifukwa walephera mayeso amodzi. Amati mutu wake ndi wouma, akawete ng'ombe. Safunsa ngati tsikulo mwanayo anadya, kapena ngati anali ndi malungo. Chaka chonse cha mwana amachiweruza ndi tsiku limodzi.

Wodwala amapatsidwa mankhwala a sabata ziwiri ku chipatala. Akamwa lero ndi mawa osaona kusintha, amati achizungu alephera, n'kuponya mapiritsi kudenga. Wina akamwa masiku awiri n'kumva bwino, amasiyanso, amati ndachira. Onsewa ndi abale anga a pa balansa. Wina wakhumudwa msanga, wina wasangalala msanga, ndipo m'sabata imodzi ine ndachita zonse ziwiri.

Chodabwitsa n'chakuti kumunda sitichita zimenezi. Ndani mwa inu amafukula kachewere m'mawa uliwonse kuti aone ngati wakula? Mukudziwa kuti wotero sakolola kanthu. Timabzala, timapalira, timaundira, n'kudikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu timaudziwa tonse. Koma ikangokhala nkhani ya thupi lathu kapena ya mwana wathu, kudekha kuja timakusiya kumunda.

Palinso china chimene chinandipweteka nditaganiza bwino. Kwathu kuno kunenepa ndi ulemu. Mwamuna akatuluka mimba timati akusungidwa bwino, akayamba kuchepa timayamba kunong'ona za mkazi wake. Ndiye munthu amene akuchepetsa thupi chifukwa cha matenda amalimbana ndi njala, amalimbananso ndi mudzi wonse. Mkazi wanga uja anasenza manyazi amenewo miyezi iwiri kuti ine ndikhale ndi moyo, ndipo malipiro ake anali kumunamizira nsinjiro. Amuna anzanga, musanaloze chala ku khitchini, yambani mwakumbukira zimene munadya dzulo.

Dzulo m'mawa ndikuvala, Nangozo anandilanda lamba. Anandionetsa bowo limene ndinkamangira kale, lokulungizika ndi ntchito ya zaka zambiri, kenako limene ndikumangira tsopano, lachitatu kuchokera pamenepo. Ine sindinazindikire n'komwe kuti ndasamuka, maso anga anali pa balansa. Anatenthetsa msomali pamoto, naboola bowo lina latsopano kutsogolo.

"Ili ndi la tsiku la Malita," anatero. "Musalifulumirire."

Popita ku sukulu mwini kantina anandikodola kuti balansa ilibe anthu. Ndinamuuza kuti tsopano ndizibwera mwezi ukaoneka, ndipo ndizibwera nditayanikidwa.

Madzulo ndinatsitsa chishango changa kudenga, ndinachikuntha fumbi, ndinapita kuseri kwa khola kumene kulibe maso a anthu. Ndinaponda pansi, ndinapondanso, ndinamaliza nyimbo yonse. Dziko silinazungulire. Nditacheuka ndinaona Malita ataima pakona pa nyumba, madzi ali pamutu, akumwetulira.

Ndikadamvera balansa ya Lachiwiri, mwana ameneyu ndikadamuuza chiyani? Nanga inu, n'chiyani chimene mwatsala pang'ono kuchisiya chifukwa cha tsiku limodzi loipa?