Khadi la Apongozi

Kupanga makhadi a Khirisimasi ndinaphunzira ndili Sitandade 6, kwa asisiteri ena ku Mua, amene ankatiseka tikadula nkhosa yooneka ngati galu. Mpaka lero Disembala akangolowa manja anga amayabwa. Anzanga amakhala pa bawo, ena pa mpira wa pa wailesi. Ine changa ndi lezala, katoni ndi makoko a nthochi.

Si khoko lililonse ayi. Umasankha louma, lija lotsala pang'ono kugwa lokha, ndipo umalisenda mu Okutobala dzuwa likadali loswa mtengo. Ukadikira mvula limachita chuku, basi wagwira ntchito yachabe. Khoko limodzi limakupatsa mitundu itatu: pakuda pamatuluka nkhope ndi manja, pofiirira mikanjo, ndipo kuseri kotuwa kuja ndi kumene kumachokera nyenyezi ndi nkhosa. Guluu wanga ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, lothira tsabola wosinja. Chaka china ndinaiwala tsabolayo, mphemvu zinandidyera abusa onse n'kusiya nkhosa zopanda mwini. Ukamata umatsindira ndi njerwa pansi pa mphasa, mawa lake khadi lili see, lowongoka bwino.

Kwathu ndi ku Golomoti, koma ndinakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Mtakataka, ndipo ndinakhala pa chikamwini zaka khumi ndi zinayi. Chaka chilichonse makhadi anga ankapita kwa alamu, kwa akatekisiti, kwa anzanga a m'kwaya, ngakhale kwa mkulu wina wokonza njinga amene sankapemphera n'komwe. Munthu mmodzi yekha ndiye sanalandirepo: apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Osati chidani, abale inu, koma ulemu. Tikakumana panjira mmodzi ankapatukira m'munda kuti mnzake adutse. Nyumba zathu zinali zoyang'anizana, komabe mawu anga onse kwa iwo ankadzera mwa mwana wawo. Msana wawo ndi mpango wawo ndinkazidziwa bwino, nkhope ndinkangoiona chapatali. Lamulungu lililonse ankapita kutchalitchi atapanira buku la nyimbo lokutidwa ndi pulasitiki m'khwapa.

Mkazi wanga anamwalira mu Ogasiti, atadwala masabata atatu okha. Anandisiyira ana awiri aakazi, wamkulu ali Fomu 1, wamng'ono Sitandade 4. Misozi isanaume n'komwe, alamu anga aakulu, malume a anawo, anali atanena kale: chaka chatsopano chikalowa andisudzula, ndibwerere kwathu, ana atsale poti ndi mbumba yawo. Mwambo ndi umenewo, ndinabadwiramo, sindikanautsutsa. Koma kusiya ana anga, n'kumadzawaona ngati mlendo wobwera pa njinga? Kunena zoona ndinkaopa, ndipo chakudya chinasiya kukoma.

Ndinatuma ankhoswe anga kawiri. Munthu wabwino zedi, koma wa eya-eya. Ukawatuma kukakana amabwerako atathokoza! Ulendo wachiwiri ndinatsala pang'ono kuwalalatira, ndinangoluma mano. Iwo anangoti, "Mphwanga, mawu omaliza ali ndi mayi wa malemu, alamu akowo ndi phokoso chabe." Chabwino, nanga mayi wa malemuyo ndikanawafika bwanji? Amene ankandinyamulira mawu ndi yemwe tinamuika m'manda.

Chaka chimenecho ndinali nditanena kuti sindigwira lezala. Koma masana ena mvula itatibweza kumunda, ndinatsitsa mtolo wa makoko a chaka chatha kudenga, ndinapeza akadali abwino. Ndinapanga khadi limodzi lokha. Khola ndinalidula katatu, Yosefe kanayi, poti mutu wake unkangoduka. Litauma ndinatenga bolopeni n'kulemba mkati, tizilembo ting'onoting'ono, mbali zonse ziwiri mpaka m'mphepete. Zimene pakamwa sipakanatha kunena ndinaziika pamenepo. M'mawa mwake apongozi atapita kukapalira, ndinaliika m'jumbo, n'kukalisiya pakhonde pawo, kamwala pamwamba.

Tsiku loyamba zii. Lachiwiri zii. Ndinayamba kudzitukwana ndekha: iwe chitsiru, mkamwini amalembera apongozi kalata kuyambira liti? Mwina alipereka kwa alamu, ndipo pano akuliwerengera mudzi wonse pansi pa mtengo wa mango.

Tsiku lachitatu, Khirisimasi ili mawa, ndinali pakhonde kukhomerera mpini wa khasu. Ana anali atapita kumjigo. Ndinamva kutsokomola pakona ya nyumba. Kucheuka, ndi apongozi, atakhala pansi, atandipatsa msana monga mwa nthawi zonse, khadi lili m'dzanja lotambasulira kumbuyo.

"Odi, apongozi," anatero, akuyankhula ngati akuuza khoma. "Zithunzi ndaziona, n'zokongola. Koma zolembazi kwa ine ndi nyerere chabe. Sindinapiteko kusukulu ine."

Mawu oyamba amene ndinawayankhula nawo m'zaka zonsezo anali opusa ndithu: "Nanga buku la nyimbo lija, amayi?"

"Nyimbo zili m'mutu. Bukulo linali la malemu apongozi anu aamuna, ndimangolinyamula." Anagwedeza khadilo kuti ndilitenge. "Ndikanapatsa alamu anu andiwerengere, koma ndinati mwina muli zoti iwo asamve. Mwalemba ndinu, werengani ndinu."

Kalanga ine! Mudzi wonse unkadziwa kuti sawerenga, kupatula ine amene ndinkadzuka moyang'anizana nawo tsiku ndi tsiku. Kulemba kunali kosavuta, pepala silikumva. Tsopano ndinayenera kunena ndi pakamwa panga. Ndinagwada chapatali, ndinalandira ndi manja awiri, n'kuyamba.

"Amayi, ine ndine mkamwini, malo anga ndimawadziwa. Munda ndi wanu, nyumba ili pa dothi lanu, ana ndi a mbumba yanu. Sindikupempha kanthu pa zonsezi. Ndikungopempha kuti ndizidzuka m'mawa n'kumawamva akukanganirana sopo. Wamng'onoyo amaopa mabingu, ndipo mvula ikayamba..."

Pamenepo mawu anakana. Ndinayesanso, osatheka. Ndinalira, bambo wamkulu ndithu, khadi lili m'manja, mbali yachiwiri yonse isanawerengedwe.

Kenaka ndinamva chitenje cha apongozi chikukwekwereza pa dothi. Anatembenuka, n'kundiyang'ana. Ndinafuna kuzolika monga mwa ulemu, koma ndinalephera. Mphumi, maso, ngakhale kampata ka m'mano, zonse zinali za mkazi wanga ndendende, ndipo ine sindinkadziwa.

"Kwatsalako musawerenge, ndamva," anatero. "Chaka chino ndaika mwana mmodzi, wina sindimuthamangitsa. Alamu anuwo ndinawabereka ndine, ndikayankhula nawo. Tsopano pukutani maso, ana aja akubwera."

Ndinapukuta ndi malaya. Ana analowa pabwalo ndowa zili pamutu, ndipo atationa ine ndi agogo awo titakhala moyang'anizana, anaima pomwepo, osatula madzi. Wamkulu anatiyang'ana tonse awiri.

"Ababa, mukupita?"

Anayankha ndi agogo ake. "Apita kuti? Tulani madziwo, makosi athyoka."